Mwala Woyera m'Manda a Bambo Dominiko

Ine ndine Goliati, mkulu wa adzukulu kuno kwa Nchema. Ndakumba manda zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo sindikumbuka tsiku lomwe munthu anandiyamikira kuti dzenje lawongoka bwino. Ife amatikumbukira pakavuta basi. Tsiku loika a Dominiko panavuta, ndiye mpaka pano anthu amandiimitsa panjira kufunsa kuti zinayenda bwanji. Ndimawauza momwe ndinaonera.

A Dominiko sanali akuno. Kwawo kunali kwa Likoswe, kuno anabwera kudzakwatira a Ellina, nakhala pachikamwini zaka makumi anayi ndi chimodzi. Mwambo wathu ndi wodziwika: mkamwini akamwalira, abale ake amadzatenga thupi kukaika kwa amayi ake. Koma iwo atadwala ananena pamaso pa anthu, kawiri konse, kuti awaike konkuno, pafupi ndi mwana wawo woyamba yemwe anamwalira ali wakhanda. A Ellina nawo ankafuna zomwezo. Mawondo awo anatha kalekale, kuchoka pakhomo kukafika kutchalitchi amapuma katatu, ndipo ankadziwa kuti amuna awo akapita kwa Likoswe ndiye kuti mandawo adzawaona tsiku loika lokhalo.

Mng'ono wa malemu, a Justice, anafika Lachitatu atabwereka lole. Aliyense anaona kuti sanabwere kudzavomera. Anakambirana ndi akuchikazi mpaka dzuwa kupendeka, ndipo pomaliza anavomera, koma ndi pakamwa pokha. Lole ija sanaibweze. Inaima pansi pa mtengo wa mango, dalaivala atatukula miyendo pachiwongolero.

Lachinayi m'mamawa tinalowa kumanda anthu asanu ndi atatu. Unali mwezi wa Marichi, mvula itagwa sabata yathunthu n'kukata Lolemba. Manda athu ali pamalo otsetsereka, kumtunda kuli mabulugamu, kumunsi kumakathera kudambo. Kamtumbira ka mwana uja kali chakumunsi. Tinayeza ndi bango lomwe tinayezera bokosi, n'kuyamba kukumba pambali pake.

Dzenje litafika m'chiuno, piki inalira kuti ngwe! n'kudumpha m'manja mwa Robert, mmodzi wa adzukulu anzanga. Tinapala dothi ndi fosholo, tinapeza mwala. Sunali mwala wa m'phiri, wotuwa uja timaudziwa, umabwera wokhawokha ngati dzungu ndipo umatha kuuzungulira n'kuuzula. Uwu unali woyera, wosalala ngati pansi pa nyumba ya simenti, ndipo unadzaza dzenje lonse kuchoka khoma ili kufika linalo. Tinasuntha mapazi anayi mbali ina ya kamtumbira kaja n'kuyambiranso. M'chiuno momwemo, mwala womwewo.

Kwathu kuno mwala wa m'manda si mwala wamba. Amati malemu akukana malo, kapena dothi likukana malemu. Ine pandekha ndaona miyala ikutsekereza anthu abwino kwambiri, ndaonanso anthu omwe mudzi wonse unkawaopa akulowa m'dothi lofewa ngati ufa. Koma mwambo sindinauike ndine. Ntchito yanga pakatere ndi kuimitsa makasu n'kukanena kunyumba ya maliro. Ndinabenthula kachidutswa, n'kukaponya m'thumba, n'kukwera mtunda.

Amuna anali atakhala kuseri kwa nyumba. Ndinagwada pamaso pa a Edwin, mlongo wawo wa a Ellina, n'kufotokoza. Ndisanamalize a Justice anali atavula kale chipewa n'kuchiika pabondo.

“Mwamva nokha, alamu,” anatero kwa a Edwin. “Ife dzulo tinangokhala chete kukupatsani ulemu. Lero sitinalankhule ndife. Achimwene kuno ndi mlendo, dothi likudziwa.”

“Malo alipo ena kumtunda, kufupi ndi mabulugamu,” ndinatero ine. “Kwatalikirana ndi mwana uja, koma ndi manda omwewo. Tiloleni tiyeseko.”

A Justice anayang'ana wotchi yawo nthawi yaitali.

“Yesani. Koma kachitatu n'komaliza. Mukalephera apo tikunyamula, ndipo pasakhale wina wonena kuti akwa Likoswe analanda maliro.”

A Edwin anavomera. Ndinali nditadzuka kale kuti ndizipita pamene Doreen anatulukira pakona ya nyumba.

Doreen ndi mwana wachiwiri wa malemu, ndipo ndi yekhayo amene anakula. Anaphunzira za miyala, ndipo amagwira ntchito kukampani ina yofufuza mafuta ku Pemba, ku Mozambique. Anthu kuno amamuseka kuti makolo athu anachokako akuyenda pansi, iye wabwererako pandege. Akabwera patchuthi sipalephera wina womufunsa ngati watibweretserako parafini. Ine ndinamufunsapo zenizeni chaka china, pakuti tonse ndife okumba, ndipo anandifotokozera bwino. Anati kalekale kunali nyanja zosaya, zofunda, momwe tizilombo ta zigoba tinkabadwa n'kufa pamalo amodzi kwa zaka zosawerengeka. Zigobazo zinaunjikana n'kuuma, zinasanduka mwala wa laimu, mathebulo aakulu oyalana pansi, ena otalika kuposa kuchoka kuno kukafika ku Lilongwe. Mwala wotero umakhala ndi timabowo ngati buledi, ndipo mafuta amakhala m'timabowomo. Ntchito yake ndi kujambula pamapu kuti mathebulo amenewo anayambira pati, anathera pati, ndipo mbali yake yokhala ndi timabowo tambiri ili kuti, kuti oboola asaboole pachabe. Ndinamva theka, koma theka ndinamvalo linandikwana.

Tsiku limenelo anali mu chitenje ndi duku ngati mayi wina aliyense, maso atatupa. Anagwada chapatali.

“Bambo aang'ono, amalume, pepani ndalowerera za akuluakulu. Ndamva zoti kwapezeka mwala. A Goliati, ndi wooneka bwanji?”

Ndinatulutsa kachidutswa kaja n'kumupatsa. Anakatembenuza, anakakanda ndi kiyi, kenaka anachita chinthu chomwe amayi a kuno sadzaiwala. Anakanyambita. Mwala wa kumanda, mwana wa malemu, pamaso pa anthu. Mayi wina amene ankadutsa ndi ndowa anangoti “Mayo ine!” n'kutaya madzi theka. Doreen sanacheuke n'komwe. Ananyowetsa mwalawo kuti aone bwino mkati mwake, ndipo kwa iye nkhani inathera pomwepo.

Anapempha ndimu. Anaphwanya kachidutswa kaja pakhonde ndi mwala wina mpaka kukhala ufa, n'kufinyirapo madzi a ndimu. Ufawo unayamba kuchita thovu, ukulira chapansipansi. Amuna onse anaweramira pomwepo, ngakhale a Justice.

“Uwu ndi laimu,” anatero Doreen. “Ndi mtundu wa miyala yomwe ndimagwira tsiku ndi tsiku.”

“Ndiye ukufuna kutiuza kuti m'manda mwa achimwene muli petulo, eti?” anafunsa a Justice.

Ena anaseka, n'kukumbuka kuti ali pamaliro.

“Iyayi, bambo. Kuno nyanja sinafikeko, pansi pathu pano ndi mwala wakale wa moto wokhawokha, mafuta mulibemo ndi dontho lomwe. Laimu uyu wabwera ndi madzi a m'nthaka. Madzi akamakwera n'kuuma chaka ndi chaka m'mphepete mwa dambo, amasiya laimu, ngati zoyera zija zimatsalira mu ketulo. Amapanga chikhungwa. Sichikhala chochindikala. Sichikukana munthu, chinalipo bambo anga asanabadwe.”

Anapempha kuti akaone yekha. A Edwin anapukusa mutu. Mkazi salowa kumanda adzukulu asanamalize, ndipo tsiku limenelo, alendo ali tcheru kufuna chifukwa, sikunali kotheka kuphwanya mwambo wina pofuna kupulumutsa unzake.

“Palibe kanthu,” anatero Doreen. “Kuntchito n'chimodzimodzi. Pansi pa nyanja sindinafikepo. Amangondibweretsera tizidutswa, ine n'kunena zomwe zili pansipo.”

Ndiye anayamba kundifunsa ngati wapolisi. Mwala uli pa msinkhu umodzi m'maenje onse awiri? Ndinati inde. Ndi woyala kapena wopendekera? Woyala. Dothi la pamwamba pake ndi lotani? Ndinati lakuda, kenaka lotuwa, lokhala ndi timiyala toyera ngati nandolo. Anagwedeza mutu ngati mwana amene mayeso abwera momwe anawerengera.

Pali chinthu chimodzi chomwe sindinanene. Mwala uja unkachita thukuta, ndipo ukaupondapo wopanda nsapato unkazizira mpaka m'mano. Sanandifunse, ndipo ine ndinkati ndi mvula ya sabata ija.

“Sungapitirire zikhatho ziwiri,” anatero Doreen. “Pansi pake pali mchenga wofewa. Musapite kumtunda, a Goliati. Boolani dzenje lachiwirilo, bambo agone pomwe ananena.”

A Edwin anati nkhani yotere sangaidule okha. Tinazungulira kukhomo komwe a Ellina anakhala pamphasa atatambasula miyendo, amayi a mpingo atawazinga. A Edwin anawafotokozera zonse: kumtunda kosayesedwa, kapena kuboola mwala pafupi ndi mwana, ndipo mwayi ndi umodzi wokha. A Ellina sanayang'ane mlongo wawo kapena ine.

“Doreen, ukunenetsa kuti aboola?”

“Aboola, amayi. Ndikunenetsa.”

“Ndiye agone pafupi ndi mwana wake.”

A Justice anavala chipewa chawo. “Mwamva nonse. Kachitatu kaja ndi kameneka.”

Ndisabise, ine ndinakondwa. A Dominiko ndinkawakonda, anali munthu wobweretsa fodya kumanda ngakhale maliro asali ake, ndipo lole ija inkandinyansa kuyambira pomwe inafika. Ndinkafuna kuiona ikubwerera yopanda kanthu. Ndinatsika mtunda uja ngati mnyamata.

Tinabwereka hamala yaikulu kwa anthu oswa miyala kumsewu, ndi chitsulo chosongoka chokumbira. Tinkalowa awiriawiri, wina kugwira chitsulo, wina kumenya. Mwalawo sunali wolimba ngati wa m'phiri, unkabenthuka pang'onopang'ono, fumbi lake likutiyeretsa nkhope. Kunyumba ya maliro kwaya inali itayamba kale nyimbo zotulutsira maliro, n'kumazibwereza chifukwa ife sitinatumize mawu. Dzuwa litafika pamutu, Robert anamenya kamodzi, chitsulo chinangoti lobo! mpaka theka. Ndinayeza ndi dzanja pomwe tinaboolapo. Zikhatho ziwiri, osapitirira ngakhale chala. Kumanda sitiimba m'manja, koma tinayang'anizana, aliyense mano pamtunda.

Robert anazula chitsulo chija. Kunsonga kwake kunali mchenga, monga momwe ananenera mwana uja. Kenaka pabowopo panatuluka madzi.

Sanatumphuke ayi. Anangotuluka mwaulemu, oyera bwino, n'kuyamba kuyala pamwala paja. Tinati ndi ochepa, atha. Tinatunga ndi ndowa ziwiri, tikulandizana, koma ukachotsa ndowa imodzi ankabwera a ndowa ziwiri. Tinatseka bowolo ndi chiguduli ndi dothi, anatulukira m'ming'alu yomwe hamala inasiya. Pasanathe theka la ola anali m'mawondo, ndipo khoma la kumunsi linayamba kugumukira momwemo. Dzenje loyamba, lomwe sitinaboole, linali gwa, louma, mapazi anayi okha kuchoka pamenepo.

Munthu saikidwa m'madzi. Pamenepo sipafunika mwambo kapena sukulu, aliyense amadziwa. Ndinauza anzanga kuti atuluke, ndinasamba m'manja m'madzi omwewo, n'kukweranso mtunda, ulendo uno pang'onopang'ono.

Ndinkayembekeza kuti a Justice anyada, ndipo ndinali nditakonza kale mawu owayankha. Sananyade. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, anapukuta m'maso ndi chipewa, n'kutuma munthu kuti akadzutse dalaivala. Ndi pomwe ndinakumbukira kuti iwonso anali ataferedwa mkulu wawo. A Edwin anayesa kutchula za kumtunda kuja, koma mawu awo anatuluka opanda mphamvu, ndipo palibe anawathandiza. Pangano linapangidwa pamaso pa anthu.

Doreen anamva ali chiimire pakhomo. Sanalire. Anangofunsa ngati tsopano angapite kukaona, popeza kukumba kwatha. Palibe anamuletsa, ndiye ndinatsagana naye.

Anaima m'mphepete mwa dzenje nthawi yaitali. Madzi anali atasiya kukwera, ataima chapamwamba pa mawondo, fumbi loyera likuyandama. Anagwada, anaviika dzanja. Kenaka anayang'ana kudambo, anayang'ana kumtunda kwa mabulugamu, n'kubwereranso kudambo, ngati akuyeza ndi maso.

“Chivindikiro,” anatero, osati kwa ine kwenikweni. Kenaka anatembenuka. “A Goliati, kuntchito kwathu mafuta sitiwapeza paliponse pomwe pali mwala wa timabowo. Pamafunika mwala wina wothina pamwamba pake, wowatsekera kuti asathawe. Tikaupeza woterowo timasangalala, chifukwa timadziwa kuti pansi pake pali chomwe watsekera. Ndi phunziro la chaka choyamba limenelo. Mchenga pansi, chikhungwa pamwamba, mvula sabata yathunthu, dambo lili apo. Ndinaona chivindikiro, osafunsa kuti chavindikira chiyani.”

Ndinamuuza za thukuta la mwala lija, ndi kuzizira kwake. Ndinaona kuti ndi bwino adziwe kuti mlanduwu tagawana.

“Mukanandiuza ndikanadziwa,” anatero. “Koma wofunsa ndinali ine. Ndinkafuna kwambiri kuti ndiwine.”

Dzenje lokumbidwa silisiyidwa kukamwa, ndipo silikwiriridwa lopanda kanthu. Tinadula mitengo iwiri ya nthochi yathunthu, tinagoneka umodzi m'dzenje louma, wina m'lamadzi, n'kukwirira. Wa m'madziwo unkayandama, mpaka tinachita kuupsinja ndi zibenthu za mwala womwe uja. Pomwe tinkamaliza, mwambo wa mapemphero unali utatha kale. Abusa anafupikitsa ulaliki kuti anthu akafike kwa Likoswe kusanade.

Bokosi analikweza kumbuyo kwa lole, amayi a mpingo n'kukhala mozungulira. A Ellina anawakonzera malo kutsogolo, pafupi ndi dalaivala. Ine ndi Robert ndife tinawanyamula kuchoka pakhonde, chifukwa tsiku limenelo miyendo inakaniratu. Titafika pachitseko cha lole anatiuza kuti tiime kaye. Doreen anali pambali, atanyamula chikwama cha amayi ake ndi botolo la madzi.

“Doreen.”

“Amayi.”

“Akanakumba kumtunda kuja, bwenzi atapeza chani?”

Doreen anayang'ana pansi. Ine ndinali nditamuona akuyeza mtunda uja ndi maso, ndipo ndikukhulupirira kuti yankho anali nalo.

“Sindikudziwa, amayi.”

“Ukanayankha choncho m'mawa muja,” anatero a Ellina. Sanakweze mawu. Kenaka anatiuza kuti tiwakweze.

Ife adzukulu sitinapite nawo, kumeneko kuli adzukulu akonko. Ndinamva kuti anaika dzuwa likulowa, ndipo zonse zinayenda bwino. Doreen anakhala masabata awiri n'kubwerera ku Pemba. Asanapite anabwera kwathu kudzatsanzika, anandisiyira nsapato za jombo zomwe amavala kuntchito, akuti zimamukulira. Za mwala sitinakambeko.

Mwezi wa Meyi kunagwa maliro ena, a mayi wina wachikulire wa kumpoto kwa mudzi, ndipo abale ake anatilozera malo kufupi ndi mabulugamu, pomwe ndinkanena paja. Dothi lake linali lofiira, louma, lopanda ndi kamwala komwe kuyambira pamwamba mpaka pansi. Tinamaliza nthawi ya tiyi isanakwane.

A Ellina anabwera pamaliropo, atapuma kangapo panjira. Nthawi yoponya dothi itakwana anadzikoka mpaka m'mphepete mwa dzenje, natsamira ndodo yawo, n'kusuzumira m'katimo nthawi yaitali kuposa eni maliro. Anthu anadikira, palibe anawauza kuti asunthe.